KABOKOSI KOLOZERA NJIRA M'NDEGE ZING'ONOZING'ONO

Mawu amene mnzathu wa kalasi ya 1998, yemwe tsopano amagwira ntchito ya mapu m'boma, adalankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Mchinji.



Pamene a mlembi adandiuza kuti chaka chino wolankhula ndine, ndidawafunsa kuti kodi munthu woyeza malo ngati ine angauze chiyani madokotala ndi maloya amene ali muno. Iwo adati, "Kanenani za ntchito yanu, bola musakatigonetse tulo." Tsono ndasankha kukamba za kabokosi kamene ndakhala ndikuyenda nako zaka pafupifupi 20, kotchedwa GPS, ndi mmene oyendetsa ndege zing'onozing'ono amakhalira nako. Ine sindine woyendetsa ndege ayi. Koma ntchito ya mapu yandikweza kangapo m'tindege ta mipando 6, ndipo m'kandege kotere mulibe chitseko pakati pa iwe ndi woyendetsa. Umaona zonse zimene manja ake akuchita, ndi thukuta lake lomwe.

Mukukumbukira tindege tija tinkadutsa pamwamba pathu tili m'kalasi, tonse n'kumasuzumira pa windo mpaka a jogalafe kutikalipira? Tambiri tinali tonyamula alendo kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mfuwe kukaona nyama za ku Luangwa. Woyendetsa wa masiku amenewo ankadalira zinthu zitatu: mapu pa bondo, kampasi ndi wotchi. Asadanyamuke ankalemba mzere ndi pensulo pa mapu, n'kuwerengera kuti pa liwiro lakuti, ndi mphepo yakuti, pakatha mphindi zakuti ayenera kuona mudzi wakuti kapena mtsinje wakuti. Akapanda kuuona, mtima unkayamba kugunda. Mabwalo akuluakulu a ndege anali ndi makina a wailesi otsogolera ndege, koma ukatalikira uli m'munsi mphamvu yake inkatha, ndipo timabwalo ta fumbi ta kutchire tinalibe chilichonse koma kansalu koonetsa kumene mphepo ikuchokera. Ngakhale makina a wailesiwo sanali osalakwa. Ndege ya Pulezidenti Samora Machel idagwa ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986 ikuchokera ku Mbala m'dziko la Zambia, itakhota pamalo posayenera kukhota, ndipo anthu akhala akutsutsana kuyambira nthawi imeneyo kuti kodi idatsata wailesi iti.

GPS idabwera ndi asilikali a ku America. Setilaiti yoyamba adaiponya m'mlengalenga mu 1978, ndipo pofika 1995 masetilaiti 24 anali atakwanira, akuzungulira dziko kawiri pa tsiku pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwabasi, ndipo ntchito yake n'kumangoulutsa kuti ine ndine wakuti, ndili pakuti, nthawi ndi yakuti. Kabokosi kali m'manja mwanu kamamvera, n'kuona kuti uthenga wa setilaiti iliyonse wachedwa bwanji panjira. Kuchedwako ndiko kumakauza kutalika kwa mtunda. Kakamva masetilaiti anayi, kamadziwa pamene kali. Amene tinkathawa masamu a Fomu 3, dziwani kuti masamu aja adakakwera ndege ife tili pansi.

Anthu wamba adalonjezedwa kuti adzagwiritsa nawo ntchito GPS kaamba ka ngozi. Pa 1 Sepitembala 1983 ndege ya ku South Korea idasokera n'kulowa m'mlengalenga mwa dziko la Soviet Union, ndipo adaiwombera, anthu 269 n'kufa. Pulezidenti Ronald Reagan adalengeza kuti njira yatsopanoyi ikadzatha, ndege za anthu wamba zidzaloledwa kuigwiritsa ntchito. Komabe asilikali ankaisokoneza dala kuti kabokosi ka munthu wamba kaziphonya ndi mamita mpaka 100. Izi adazisiya mu Meyi 2000, Bill Clinton ali pa mpando, ndipo kuphonyako kudatsika kufika pa mamita 10 kapena kucheperapo. Kampani ya Garmin, imene idayamba mu 1989, ndiyo idatchuka ndi timabokosi timene woyendetsa ndege amangomangirira pa chiwongolero, n'kukachotsa akatera.

Oyendetsa ndege onse amene ndacheza nawo amakayamikira kabokosika, ndipo sindikufuna kuti wina achoke muno akuganiza kuti ndabwera kudzakanyoza. Mmodzi adandiuza kuti kale kupeza kabwalo ka kutchire m'chilimwe kunali ngati kufuna singano m'mulu wa madeya, pakuti udzu wa pabwalo ndi udzu wa m'thengo zonse zimaoneka zofiirira chimodzimodzi. Unkazungulira, mafuta akutha, wodwala amene wadzamutenga akudikira pansi. Lero amalemba zilembo zinayi za bwalo, FWKI ya Kamuzu, FLCP ya Chipata, FLMF ya Mfuwe, ndipo pagalasi pamabwera mzere wofiirira, mtunda wotsala, liwiro lenileni ndi nthawi yofikira. Mafuta amapulumuka, mtima umakhala m'malo.

Koma ndikuuzeni zimene zidandichitikira chaka china mu Okutobala. Tidanyamuka ku Lilongwe masana pa kandege ka Cessna kubwera chakuno kumalire, ulendo wosakwana theka la ola. Mukudziwa mmene thambo limakhalira mwezi umenewo, anthu akutentha tchire posaka mbewa ndi kusosa m'minda. Utsi ndi fumbi zidali zitaphimba ponseponse, moti kutsogolo sikunkaoneka kanthu, pansi pokha ndipo pankaoneka mwa apo ndi apo. Woyendetsa wathu anali bambo wachikulire wa imvi. Ndidadabwa kuona kuti ngakhale kabokosi kanali pa chiwongolero, iwo anali ndi mapu akale ong'ambikang'ambika pa bondo, ndipo tikadutsa malo ankachonga ndi pensulo n'kulemba nthawi. Msundwe, kuchonga. Namitete, kuchonga. Mumtima ndidati agogowa akungovutika.

Titapitirira pang'ono galasi la kabokosi lidangoti zii, kuthima. Kachingwe kake kotengera moto kanali katasololoka osadziwika nthawi, ndipo batire idali itatha. Ine malovu adauma m'kamwa. Ndidayang'ana kunja, ndipo ine amene ndidabadwira m'boma lino, amene ndimajambula mapu ake, sindidathe kuzindikira ngakhale mudzi umodzi. Kuchokera kumwamba midzi yathu yonse ndi yofanana: mitengo ya mango, zigafa za fodya, kadambo, manda a mitengo yowirira. Bambo aja sadatekeseke. Adayang'ana wotchi, adayang'ana pamene adachonga komaliza, adatsitsa ndege pang'ono n'kukhotera kumanzere, ndipo posakhalitsa njanji idaoneka ikunyezimira pansi, msewu wa tala uli chapafupi. Adaitsata mpaka mapiri a Mchinji adatulukira mu utsi muja. Adanditembenukira n'kunena kuti, "Achimwene, njanji ndi kampasi yachitsulo, siitha batire." Pambuyo pake ndipo adawerama kulumikiza kachingwe kaja.

Titatera adandifotokozera kuti chimene amaopa kwambiri si kuthima kwa kabokosi, koma kulakwitsa kwa chala. Kabokosi sikatsutsa. Mabwalo a kutchire ambiri mulibe m'kaundula wake, choncho woyendetsa amalemba yekha manambala a malowo. Ife tili pa madigiri 13 ndi kanthu kumwera kwa ikweta. Ukalemba chilembo cha kumpoto m'malo mwa cha kumwera, kabokosi kakulozera ku Sudan, makilomita oposa 3,000, kopanda manyazi konse. Kulakwa kotere n'kwabwino chifukwa kumaonekera msanga. Koopsa n'kolakwitsa nambala imodzi ya pakati, kumene kumakusunthira bwalo makilomita 15 okha, iwe n'kumatsata mzere mokhulupirika mpaka kukafika pamwamba pa munda wa chimanga.

Pano pamalire palinso vuto lina limene ife a mapu timalidziwa bwino. Mapu akale a dziko lino adajambulidwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene GPS imayendera muyeso wa WGS 84. Ukatenga manambala pa mapu akale n'kuwalemba m'kabokosi osasintha muyeso, malo amasuntha ndi mamita pafupifupi 200 kapena kuposerapo. Kwa ndege imene ikufuna bwalo lalikulu si kanthu. Koma malire athu ndi Zambia kuno satsata mtsinje woti munthu auone. Amatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi opita ku Bua ndi ku nyanja yathu ndi madzi opita ku Luangwa. Amene adafikako ku Kachebere akudziwa mmene malire amapitira pakhomo penipeni. Mamita 200 amenewo angathe kusandutsa dimba la m'Malawi kukhala la m'Zambia. Woyendetsa ndege naye saona mzere uliwonse pansi, ndipo kulowa m'mlengalenga mwa eni popanda chilolezo ndi mlandu. Apa kabokosi kamathandiza zedi, pokhapokha ngati amene akukagwira akudziwa chimene kakuyeza.

Tsopano ndifike pa nkhani yolemera, ndipo ndilankhula mosamala pakuti ndine wantchito wa boma ndiponso misozi siidaume. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka pa bwalo la Kamuzu m'mawa kupita ku Mzuzu. Idanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, malemu Dr Saulos Chilima, amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara. Siidafike. Idapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, kumene ndegeyo idapangidwa, adatulutsa lipoti loyamba mu Ogasiti 2024 ndi lomaliza mu Juni 2025. Adapeza kuti ndegeyo inalibe makina aja osunga mawu a oyendetsa ndi mayendedwe a ndege. Kachipangizo kolira ndege ikagwa kuti ofunafuna aipeze msanga kanali ndi batire imene nthawi yake idatha mu 2004. Mboni imene idatsala inali kabokosi ka GPS ka mtundu wa Garmin Aera 760, ka banja lomwelo la timabokosi tikukambati. M'menemo ndimo akatswiri adawerenga njira yonse imene ndege idayenda, mmene idakhotera, kuzungulira, kukwera ndi kutsika pamwamba pa mapiri a Viphya mpaka nthawi ya 10:16. Chigamulo chawo chinali chakuti ndege idapitiriza ulendo ili m'munsi m'nyengo yoipa, m'mitambo ndi nkhungu, mpaka kuwomba mtunda wokwera. Ndikudziwa kuti ambiri, ena muli muno, simudakhutire ndi mayankho amenewa, ndipo si ntchito yanga lero kukukakamizani. Ine ndingotengapo mbali imene ikukhudza mutu wanga.

Kabokosi kaja kankadziwa pamene ndege inali, mphindi iliyonse, mpaka kumapeto. Kudziwa pamene uli ndi chinthu china, kuona chimene chili patsogolo pako ndi chinanso. Timabokosi ta masiku ano timatha kujambula mapiri pagalasi, achikasu akayandikira, ofiira akafika poopsa. Koma sitiona mtambo, sitiona mitengo ya paini imene yakula chaka chino, ndipo malamulo a ndege salola kuti kabokosi ka m'manja kakhale mtsogoleri wa ndege youluka mumtambo. Ndi kothandizira maso basi. Bambo a imvi aja adandiuza mawu amene ndidawamvetsa mochedwa. Adati kale woyendetsa kandege akaona nkhungu yatseka kutsogolo ankabwerera, osati chifukwa chochenjera, koma chifukwa cha mantha osokera. Kabokosi kadachotsa mantha amenewo. Tsono munthu amaona mzere wofiirira uli mbee pagalasi, mphindi zotsala zili 12 zokha, kumbuyo kwakhala bwana amene akudikiridwa, ndipo amati nditsike pang'ono ndidutse pansi pa mtambo. Kuno ku chigwa cha Mchinji mungathe kutsika n'kupeza njanji. Pamwamba pa Viphya mwezi wa Juni, mtambo ndi phiri zimagundana.

Si vuto la kuno kokha. Mu 1997 mphunzitsi wina wa oyendetsa ndege ku kampani ya American Airlines, Warren Vanderburgh, adachenjeza kuti makina akulera mbadwo wa oyendetsa amene amangotsata mzere wa pagalasi. Iye ankanena za ndege zikuluzikulu. Ine ndimaona kuti m'kandege kakang'ono nkhaniyi ndi yokulirapo, chifukwa nthawi zambiri woyendetsa amakhala yekha, wopanda mnzake womugwira pamkono. Ndipo kunena zoona, ife okwera tili ndi mbali yathu. Ndidaonapo ndi maso anga akuluakulu ena akukwiyira woyendetsa amene adakana kunyamuka chifukwa cha mitambo, amvekere, "Nanga GPS yanuyo ndi yachiyani?" Mnyamatayo adaima nji, tidagona komweko, ndipo sadamuthokoze ndi mmodzi yemwe. Ine ndemwe ndidakhala chete tsiku limenelo poopa mabwana, ndipo ndimachita nazo manyazi.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndabwera ndi kabokosi kanga kakale ka GPS, kogula ndekha, pamodzi ndi kampasi ndi mapepala anayi a mapu a 1:50,000 a dera lino, ndipo ndikuzipereka kwa aphunzitsi a jogalafe. Ndapempha a mphunzitsi wamkulu kuti tikatha kudya andibwereke ana a Fomu 3 kwa ola limodzi pa bwalo la mpira. Tikayamba ndi mapu ndi kampasi kufuna phiri lililonse limene likuoneka kuchokera pamenepo, kenaka tikayatsa kabokosi kuti tione ngati tigwirizane nako. Akale amene miyendo ikadali yolimba mubwere nawo, koma mabatire awiri aang'ono ndaiwala ku Lilongwe, choncho wina athamangire ku gulosale.