GALASI LAKUMBUYO LIKACHITA NTHUNZI

Nkhani ya lero ndi yanu oyendetsa galimoto ndiponso amakaniko.

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikafika ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpweya wa anthu okwera umasanduka nthunzi pa galasi lozizira. Woyendetsa amene saona kumbuyo angathe kugunda mwana pobweza galimoto. N'chifukwa chake pa galasi lakumbuyo pali timizere topingasa. Timizereto ndi utoto wa siliva woŵambidwa pa galasi kumbali yam'kati. Magetsi a batire, a 12 volts, akamadutsamo, timafunda ndi kuumitsa nthunziyo.

Chipangizochi chikaleka kugwira ntchito, musathamangire kugula galasi lina. Yambani mwaliŵerenga galasilo, pakuti limadzinenera lokha pamene pali vuto.

Lizani injini, tsegulani switchi, dikirani mphindi zingapo. Nthunzi ikakhalabe pa galasi lonse, ndiye kuti magetsi sakufika. Onani fyuzi poyamba. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo, osati kawaya komangirira, chifukwa kangayatse moto. Kenaka onani relay ndi mawaya aŵiri olumikiza m'mphepete mwa galasi, wina wobweretsa magetsi, wina wa earth. Pa galimoto zotsegula chitseko chakumbuyo, waya amakonda kuduka pamene amapindika chitseko chikamatsegulidwa. Dziŵaninso kuti pa galimoto zambiri chipangizochi chimazima chokha pakapita mphindi 10 kapena 15. Limenelo si vuto ai.

Koma galasi likayera n'kutsala kampata kamodzi ka nthunzi, ndiye kuti mzere wa pamenepo waduka. Tengani mita yoyezera magetsi. Waya wakuda mugunditse ku chitsulo cha galimoto. Nsonga ya wofiira muikulunge ndi kapepala ka aluminiyamu kuti isakande mzere, ndipo muikhudzitse pakati pa mzerewo. Mzere wamoyo umaonetsa pafupifupi 6 volts. Mukaona 12, waduka kumbali ya earth. Mukaona 0, waduka kumbali yoloŵera magetsi. Yendetsani nsongayo pang'onopang'ono kuloŵera kumbaliyo. Pamene nambala yasintha mwadzidzidzi, mpomwe pali bala.

Pukutani malowo, matani tepi pamwamba ndi pansi pa mzere, pakani utoto wapadera wa siliva wodutsa magetsi, ndipo mudikire maola 24 musanayatsenso.

Chimadula timizereti n'chiyani? Kaŵirikaŵiri ndife eni ake: katundu wokhula pa galasi, lezala yomatulira zomata, ndiponso kupukuta mwankhanza. Popukuta m'kati, tengani nsalu yofeŵa ndi kutsata mizere, osaidutsa.

Tsono maŵa m'maŵa, musanatulutse ndalama m'thumba, imani kaye kumbuyo kwa galimoto yanu ndi kuona pamene nthunzi yatsala. Yendani bwino pa msewu.