Mkwiyo Tili Nawo, Nanga Khalidwe?

Awa ndi mawu amene ndinayankhula pa kukumana kwathu kwa Loweruka. Ambiri mwapempha kuti alembedwe chifukwa voice note imadya bundle. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumizire anzanu.

Anzanga, ine ndili ngati ambiri a inu: zaka 24, digiri ili mu envelopu, ntchito palibe. Ndiye sindinabwere kudzakuuzani kuti mkwiyo wanu ndi wolakwika, ayi. Munthu amene wagona pa mzere wa mafuta, amene wauzidwa kuchipatala kuti mankhwala akagule yekha, amene wapeza kuti ntchito yomwe anafunsira inali kale ndi mwini wake, ali ndi chifukwa chokwiyira. Mkwiyo tili nawo wokwanira. Funso langa lero ndi lina: mkwiyowo uli m'manja mwa anthu a khalidwe lotani?

Ndikufunsa chifukwa ambiri mwa amene tikuwadzudzula lero anayamba ngati ife. Ena anagubapo pamsewu, ena anagonapo m'chitokosi, ena ankayankhula bwino kuposa tonsefe. Timakonda kunena kuti mpando unawasintha. Ine ndikuona kuti mpando unangoonetsa poyera zimene anali kale pamene ankagwira kathumba kakang'ono ka komiti. Choncho ndikufuna tione anthu angapo a m'mbiri, osati kuti tiziwaika pa status, koma tione zimene anachita pa nthawi imene khalidwe lawo linayesedwa.

Mayeso oyamba ndi a mkwiyo. Pa 1 December 1955, mayi Rosa Parks anamangidwa mumzinda wa Montgomery ku America chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando mu basi. Anthu akuda anagwirizana zonyanyala mabasi kuyambira pa 5 December, ndipo anasankha m'busa wachinyamata, Martin Luther King Jr, kuti awatsogolere. Anali ndi zaka 26 zokha. Ena mwa ife pano tamuposa. Pa 30 January 1956, iye ali pa msonkhano kutchalitchi, anthu anaponya bomba panyumba pake, mkazi wake Coretta ndi mwana wawo wakhanda ali mkati. Anapulumuka. Khamu linasonkhana panyumbapo, ena atanyamula zida, apolisi ali pomwepo. King anaima pakhonde la nyumba yake yowonongekayo n'kupempha anthu kuti abwerere kwawo ndi zida zawozo, asabwezere. Anthu anamvera.

Taganizani usiku umenewo ukanathera m'magazi. M'mawa mwake nkhani sikanakhalanso ya tsankho la m'mabasi, ikanakhala ya zipolowe. M'malo mwake kunyanyalako kunatha masiku 381. Anthu ankayenda wapansi popita kuntchito, amene anali ndi galimoto ankanyamula anzawo mwadongosolo. Mu November 1956 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti tsankho la m'mabasi n'losemphana ndi malamulo, ndipo mu December anthu anakweranso mabasi n'kumakhala pomwe afuna.

Musaganize kuti kudziletsa koteroko kumabwera kokha. Ku Nashville, mu 1959 ndi 1960, m'busa James Lawson ankasonkhanitsa ophunzira a m'makoleji n'kumawaphunzitsa momwe angachitire akatukwanidwa, akalavuliridwa kapena akakankhidwa. Ankayeserera, wina kukhala woputa, wina woputidwa. Ankadziwa kuti tsiku lenilenilo mtima udzathamanga, ndiye ankaukonzekeretsa pasadakhale. Ife timakonzekera zikwangwani ndi malikhweru, koma mitima yathu timaikonzekeretsa liti?

Tibwere pafupi ndi kwathu. Pa 10 April 1993, Chris Hani, mtsogoleri amene achinyamata a ku South Africa ankamukonda kwambiri, anawomberedwa panyumba pake ku Boksburg. Dziko linatsala pang'ono kuyaka. Nelson Mandela anali asanakhale pulezidenti, koma ndi amene anayankhula kwa mtundu wonse pa TV. Sanabise kuti wopha Hani anali mzungu. Koma anakumbutsanso anthu kuti amene anathandiza kuti chigawengacho chigwidwe anali mayi wachizungu. Anakana kuti mlandu wa munthu mmodzi ukhale mlandu wa mtundu wonse. Patangotha chaka, pa 27 April 1994, anthu onse anavota.

Izi zikutikhudza ife mwachindunji. Tikakwiya, timafulumira kusaka mtundu woti tiukhuthulire: amwenye, maburundi, a chigawo chakuti, a mtundu wakuti. Mayi wogulitsa tomato amene benchi yake yaphwanyidwa pa ma demo sanabe ndalama za boma. Mnyamata wa kabaza amene njinga yake yawotchedwa sanasaine kontrakiti ya katangale. Mlonda wa shopu yothyoledwa mawa lake amakhala lova ngati ifeyo. Pa 20 July 2011 dziko lino linataya anthu pafupifupi 20 pa zionetsero, ambiri achinyamata, ophedwa ndi zipolopolo. Amene anawombera ali ndi mlandu wawo, ndipo sitidzasiya kuunena. Koma tikumbukirenso kuti shopu iliyonse yothyoledwa imapatsa akuluakulu mwayi wothawa mafunso athu n'kuyamba kukamba za umbanda. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko lino limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero, koma likunena za zionetsero zamtendere, zopanda zida. Ufulu umenewo tisaupereke tokha m'manja mwa anthu ofuna kutitseka pakamwa.

Mayeso achiwiri ndi a ndalama. Ambiri muli ndi chithunzi cha Thomas Sankara pa foni. Analowa m'boma mu August 1983 ali ndi zaka 33, ndipo chaka chotsatira anasintha dzina la dziko lake kuchoka pa Upper Volta kukhala Burkina Faso, kutanthauza dziko la anthu oongoka mtima. Sanathere pa dzina. Anagulitsa ma Mercedes a boma, nduna zinayamba kuyendera Renault 5, kagalimoto kotchipa. Mu 1984 boma lake linapereka katemera kwa ana oposa 2 miliyoni m'masabata ochepa. Pamene ankaphedwa pa 15 October 1987, sanasiye chuma chodabwitsa. Anthu ankamukhulupirira akamawapempha kuti amange lamba chifukwa iye anali woyamba kumanga lake.

Ndiye tidzifunse. Wa ndale akakuitanira pakona n'kukupatsa ka K5,000 kuti ukasokoneze msonkhano wa mnzake, umatani? Ukapatsidwa ndalama za madzi a pa zionetsero, chenji chimabwerera? Anzathu atatu akaitanidwa kukadya ku hotelo n'kuuzidwa kuti pali mipata itatu ya ntchito bola ma demo aimitsidwe, adzabwera kudzatiuza? Banzi ndi banzi, kaya ndi la K5,000 kaya la mabiliyoni. Amene amadya laling'ono lero akungodikira kuti lalikulu limupeze.

Ndipo musanene kuti anthu okana banzi kuno kulibe. Pa mlandu wa chisankho cha 2019, nkhani yoti ena anayesa kupereka ziphuphu kwa majaji inakafika ku ACB kudzera kwa mkulu wa makhoti. Pa 3 February 2020 majaji asanu aja anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo tinavotanso pa 23 June. Kaya munali mbali iti, mfundo ndi iyi: tsiku limenelo zinthu zinadalira anthu ochepa amene anakana kugulidwa.

Mayeso achitatu ndi ovuta kuwamva, chifukwa akukhudza Sankara yemweyo. Boma lake linakhazikitsa makomiti oteteza kusintha, otchedwa CDR, odzaza ndi achinyamata, ena atapatsidwa mfuti. Ena anagwira ntchito yabwino, koma ena anayamba kuzunza anthu ndi kubwezera adani awo m'dzina la kusintha, mpaka Sankara mwiniwake anadzudzula khalidwe limeneli poyera. Mu 1984 aphunzitsi oposa 1,000 anachotsedwa ntchito chifukwa chochita sitalaka. Munthu woongoka pa ndalama, koma pansi pa ulamuliro wake wotsutsa sankapuma bwino.

Ifenso tili ndi mbiri yathu. Funsani makolo anu za a Youth League ndi a Malawi Young Pioneers. Anali achinyamata ngati ife, ambiri ochokera m'mabanja osauka, ouzidwa kuti akutumikira dziko. Iwowa ndi amene ankaima pa geti ya msika ndi pakhomo la basi kufunsa khadi la chipani, mpaka asilikali anawalanda zida mu December 1993. Pambuyo pake mayina akhala akusintha, mitundu ya malaya yakhala ikusintha, koma mnyamata wonyamula chikwanje chifukwa cha bwana sanathe. Palibe chimene chikutitsimikizira kuti ife sitingakhale otero, kupatula zimene tikuchita panopa. Mnzathu akatsutsa maganizo a komiti pa gulu lino, timamuyankha ndi mfundo kapena timamutcha wogulidwa n'kumuchotsa? Mtsikana akaimirira kuyankhula, timamva mawu ake kapena timayamba kukamba za thupi lake? Admin wa gulu la WhatsApp amene salola kutsutsidwa, mukuganiza kuti adzakhala nduna yotani?

Apa ndi pamene ndimalemekeza Julius Nyerere. Analakwitsa zinthu zazikulu: anthu ambiri anasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi ya ujamaa, ndipo chuma cha Tanzania chinalowa pansi. Koma mu 1985 anatula pansi udindo wa pulezidenti yekha, popanda womuthamangitsa, pa nthawi imene anzake ambiri mu Africa muno ankafuna kufera pampando. Mandela naye analamulira zaka zisanu basi, kuyambira 1994 mpaka 1999. Kudziwa kuti mpando si wako kumaphunziridwa pa mipando ing'onoing'ono. N'chifukwa chake ndikuti maudindo a m'gulu lino azikhala ndi malire a nthawi, kuphatikizapo wanga.

Mayeso omaliza ndi amene tikulemba tsiku lililonse: kukhala bwino uli wopanda kanthu. Ulova umadya munthu mkati. Umadzuka mochedwa, umapewa maliro ndi maukwati kuopa funso loti "ukupanga chani masiku ano", kenako betting ndi kachasu zimayamba kuoneka ngati abale. Kalekale mu ufumu wa Roma kunali munthu wotchedwa Epictetus. Anakula ali kapolo, anali wolumala mwendo, ndipo atamasulidwa n'kuyamba kuphunzitsa, mfumu Domitian inamuthamangitsa mumzindamo pamodzi ndi aphunzitsi anzake a nzeru. Anakatsegula sukulu ku Nicopolis, ku Greece. Chiphunzitso chake chachikulu chinali kusiyanitsa zinthu zimene zili m'manja mwako ndi zimene sizili m'manja mwako, n'kuika mtima wonse pa zoyambazo. Patapita zaka, mfumu ya Roma, Marcus Aurelius, inkawerenga maphunziro a kapolo wakaleyu n'kumadziwongola nawo.

Wina anena kuti amenewo ndi maphunziro a anthu ogonja. Ayi ndithu. Kuti akulembe ntchito sizili m'manja mwako. Kuti boma liyankhe kalata yathu ya madandaulo sabata ino sizili m'manja mwathu. Koma kuti usaname, usagulitse mnzako, udzuke m'mawa n'kukagwira ganyu wopanda manyazi, uwerenge bajeti ya khonsolo yako kuti pofunsa uzifunsa zenizeni, ukalembetse m'kaundula n'kukavota, zimenezo palibe nduna ingakulande. Munthu wotere ndi wovuta kumugula ndipo ndi wovuta kumuopseza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga, ndipo anthu a ku Montgomery anadekha masiku 381 akuyenda wapansi.

Ndiye zimene ndikupempha kuti tigwirizane tisanatuluke pamsewu ndi izi.

Choyamba, aliyense wobwera ndi mwala, chikwanje, petulo kapena mowa si mmodzi wa ife, ndipo oyang'anira mzere adzamupatula. Tikumana kawiri tisanagube kuti tiyeserere zochita akatiputa kapena utsi wokhetsa misozi ukaponyedwa.

Chachiwiri, ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe pa gulu lino sabata iliyonse, ndi dzina la ntchito imene yagwira. Sitingafunse boma malisiti ife tilibe athu.

Chachitatu, aliyense wa komiti akaitanidwa ndi wa ndale, wa chipani chilichonse, asapite yekha, ndipo anene pa gulu tsiku lomwelo.

Chachinayi, tisatumize nkhani, chithunzi kapena screenshot imene sitinatsimikize, ngakhale ikhale yokoma bwanji kumbali yathu. Bodza limodzi likagwidwa, zoona zathu khumi zimafera pomwepo.

Chachisanu, wotsutsa ayankhidwe ndi mfundo. Wonyoza mtundu, chigawo, chipembedzo kapena thupi la mnzake achenjezedwe poyera, kaya ndi membala wamba kaya ndi admin.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene akuona kuti mfundo ina mwa izi ndi yolakwika alembe pa gulu pofika Lachitatu madzulo, tikambirane, kenako tivote. Zikavomerezedwa zidzamanga tonse, kuyambira ine. Tionana pamsewu, mwamtendere.