Oyilo wolakwika amadya injini mwakachetechete: zimene mkulu wa magalimoto anauza madalaivala ndi ogula katundu

Madalaivala, amakaniko ndi mamembala a komiti yogula katundu atakhazikika m'chipinda cha misonkhano, mkulu woyang'anira magalimoto a khonsolo anaika patebulo chitsulo chachitali chokhala ndi timapiri m'mbali mwake, chimene amakaniko amachitcha camshaft, napempha aliyense kuti ayendetse chala pa timapirito. Tiwiri tinali titadyeka, nsonga zake zitaphwa. Chitsulocho, iwo anatero, chinachotsedwa mu ambulansi imene inagona pa galaja milungu ingapo, pamene amayi oyembekezera a kumadera akutali amanyamulidwa pa njinga zamoto. Galimotoyo sinachite ngozi, ndipo oyilo sanaphwe mu injini ngakhale tsiku limodzi. Chinalakwika ndi mtundu wa oyiloyo ndiponso kutalika kwa nthawi imene anakhalamo.

Iwo anafotokoza kuti camshaft imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri, ndipo kaphiri kalikonse kamakankha tapeti kuti valavu itseguke. M'malo ambiri a injini zitsulo zimayandama pa oyilo osakhudzana. Pa kaphiri ndi tapeti zinthu n'zosiyana: malo okhudzana ndi aang'ono, mphamvu yokankha ndi yaikulu, choncho oyilo amafinyidwa mpaka kutsala wochepa kwambiri. Nthawi yoopsa koposa ndi m'mawa polizitsa, chifukwa usiku oyilo amatsikira pansi ndipo kumutu kwa injini amafikako mochedwa. Dalaivala amene amaponda mafuta mwamphamvu injini itangolira, pofuna kuti itenthe msanga, amapala zitsulozo zisanalandire oyilo wokwanira.

Chimene chimateteza malo amenewa ndi mankhwala amene opanga oyilo amasakanizamo kufakitale, makamaka otchedwa ZDDP, okhala ndi zinc ndi phosphorous. Zitsulo zikamatentha ndi kukhulana, mankhwalawa amapanga kakhungu kopyapyala pamwamba pake, ndipo kamadyeka ndi kakhunguko m'malo mwa chitsulo. Koma mankhwalawa amatha pang'onopang'ono. Oyilo amene wapitirira nthawi yake akhoza kuonekabe wodzaza pa kachitsulo koyezera, chikhalirecho chitetezo chake chinatha kale.

Mkuluyu anachedwa kwambiri pa zolembedwa pa chigubu, chifukwa apa ndi pamene ogula katundu amasokonezeka. Manambala monga 15W-40 amangonena za kulimba kwa oyilo, akazizira ndi akatentha, koma sanena ngati oyiloyo angapirire ntchito ya injini ya dizilo. Zimenezo zili m'zilembo za bungwe la ku America la API: zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Mlingo wa CH-4 unakhazikitsidwa mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, ndipo CK-4 mu 2016. Zigubu ziwiri zikhoza kulembedwa 15W-40 mofanana, china chili cha mlingo wakale kwambiri.

Pali mphekesera pakati pa amakaniko yoti oyilo wamakono anachotsedwa zinc, choncho amawononga injini zakale. Iwo anati pali choonadi pang'ono, popeza kuyambira pa CJ-4 phosphorous sayenera kupitirira 0.12 pa 100 iliyonse, pofuna kuteteza zosefera utsi za magalimoto atsopano. Komabe oyilo salandira zilembozo asanapambane mayeso a kudyeka kwa camshaft ndi zitsulo zina zoyendetsa mavalavu. Chofunika n'kutsata buku la galimoto. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2, imene yanyamula odwala m'misewu ya kumidzi kwa zaka zambiri, ilibe chosefera utsi cha DPF, pomwe magalimoto ena atsopano ali nacho ndipo amafuna oyilo wosiya phulusa lochepa. Kugula diramu imodzi yothira m'magalimoto onse, kuyambira thirakitala mpaka galimoto yatsopano ya bwana, kumaoneka kwanzeru papepala pokha.

Adani ena awiri ndi mwaye ndi fumbi. Oyilo wa dizilo amada msanga, ndipo kudako pakokha si vuto: ndi umboni woti mankhwala ena a mu oyiloyo akugwira mwaye kuti usaundane. Mwaye ukachuluka kuposa umene oyilo angathe kuusunga, umayamba kupala kakhungu koteteza kaja. Apa iwo anatchula chizolowezi chimene chinaseketsa ambiri, ngakhale ena anangoyang'ana pansi: kusiya injini ikulira kwa maola pansi pa mtengo, choziziritsa mpweya chili choyatsa, podikira akuluakulu amene ali pamsonkhano. Mita ya makilomita siwerenga maola amenewo, koma oyilo amakalamba ndithu. Fumbi nalo, limene m'miyezi ya chilimwe limaphimba misewu yathu, lili ndi timchenga tolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Fyuluta ya mpweya yong'ambika, kapena paipi yomasuka pambuyo pake, imalowetsa timchengato mpaka mu oyilo. N'chifukwa chake opanga magalimoto amapereka nthawi yaifupi yosinthira oyilo ku magalimoto oyenda m'fumbi, ndipo a khonsolo onse ali m'gulu limenelo. Mathirakitala ndi magiledala amawerengedwa maola, osati makilomita.

Pa timabotolo ta mankhwala owonjezera togulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto, iwo sanataye nthawi. Tambiri timangolimbitsa oyilo kuti phokoso la matapeti libisike, pomwe kudyeka kukupitirira. Tina timasokoneza muyeso wa mankhwala amene anaikidwa kale kufakitale. Matapeti akayamba kugogoda, makaniko atenge zitsulo zoyezera mpata wa mavalavu, osati botolo.

Dalaivala wina wachikulire anaimirira nafunsa mwaulemu kuti: “Bwana, ife timathira zimene a kusitolo atipatsa. Nanga tikaona kuti chigubu n'chokayikitsa tizitani?” Funsoli linatembenuzira maso onse kwa a komiti yogula katundu. Mkuluyu anayankha kuti malamulo ogulira katundu wa boma safuna mtengo wotsika chabe, koma wotsika mwa amene akwaniritsa zimene wogula analemba. Pepala loitanitsa likangoti “oyilo wa injini”, wogulitsa aliyense wakwaniritsa, ngakhale amene wathira oyilo wakale wosefedwa m'zigubu zatsopano. Iwo anapempha kuti pepala lililonse lizitchula kulimba kwa oyilo, mlingo wa API ndi galimoto imene akukathiramo. Kuti makaniko azikhalapo polandira katundu n'kuona ngati zitsekero sizinatsegulidwepo. Ndiponso kuti dalaivala akhale ndi ufulu wokana chigubu chokayikitsa popanda kuopa kuti amutenga ngati wamwano.

Msonkhano usanathe, onse anagwirizana kuti logibuku ya galimoto iliyonse izionetsa tsiku losinthira oyilo, makilomita kapena maola, mtundu wa oyilo ndi fyuluta, dalaivala ndi makaniko atasainira onse awiri. Camshaft yodyekayo anaisiya m'manja mwa wapampando wa komiti yogula katundu kuti aziiona pokonza mapepala oitanitsa a chaka chino.