Intaneti Ifike Kumidzi

Mau okambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi

Anthu ambiri amva za intaneti, koma ena ayesa kuti ndi chinthu cha a m'tauni okha. Iai, si choncho. Intaneti ndiyo njira imene makalata, zithunzi ndi mau ziyendamo kuchokera pa lamya ina kufika pa inzake m'kanthawi kochepa, ngakhale wolandirayo ali ku Johannesburg.

Nthambo zazikulu zonyamula intaneti zinayalidwa pansi pa nyanja yamchere, ndipo Malawi ali kutali ndi nyanjayo. Nthambo ya SEACOM inayamba ntchito mu 2009, ya EASSy mu 2010, ndipo zonse ziwiri zitulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Kuti intaneti ifike kuno iyenera kudutsa m'maiko a eni ake, ndipo eni akewo alipiritsa. Ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene bandulo ikwerera mtengo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, 84 akhala kumidzi. Koma makampani a lamya ndi amalonda. Amanga nsanja zao kumene kuli ogula ambiri, tsono mudzi wa kuseri kwa phiri uiwalika. Chifukwa chake lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba lochedwa Universal Service Fund, losungidwa ndi a MACRA, kuti lithandize kufikitsa lamya kumene phindu lili lochepa. Mu 2017 World Bank inavomera madola 72.4 miliyoni a ntchito ya Digital Malawi. Mu 2023 munalowa Starlink, imene ilandira intaneti kuchokera mumlengalenga ndi kambale koika padenga, koma mtengo wake mlimi wamba sangauthe yekha.

Mlimi apindulanji? Wogula mtedza akafika pakhomo ndi sikelo yake, achula mtengo umene afuna, pakuti adziwa kuti mwini mbeu sanapite ku Lilongwe. Koma mlimi wokhala ndi lamya afunsa kaye mtengo wa kumsika, ndipo pamenepo wogulayo alankhula mwaulemu. Aphunzitsi akumbukanso 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ana a mabanja okhala ndi intaneti anapitiriza kuphunzira, anzao akumudzi ali kubusa mbuzi, ndipo mayeso anali amodzimodzi.

Pali zoipa zake. Alipo akathyali otumiza mau akuti ndalama zao zalowa molakwika mu Mpamba kapena Airtel Money ya munthu, abweze msanga. Munthu asabweze asanaone yekha ndalama zimene ali nazo, ndipo nambala yake yachinsinsi asauze wina aliyense, ngakhale wodzicha wa ku kampani.

Mafumu ndi nyakwawa apemphedwa kuthandiza pamene malo a nsanja afunidwa, ndi kuletsa anyamata kutentha tchire pafupi ndi mitengo ya nthambo. Nsanja ikabedwa mabatire, midzi yonse yozungulira ikhala yosamva kanthu, ndi chipatala chomwe sichitha kuitana ambulansi. Mbala ikagwidwa isamenyedwe, koma iperekedwe kwa apolisi.