Zilonda za pamphuno pa abulu ndi akavalo



Nkhani yathu lero ndi ya zilonda zotuluka pamphuno pa abulu ndi akavalo. Akavalo ndi osowa m'midzi mwathu, koma abulu okoka ngolo tili nawo, ndipo mavuto awo a pakhungu ndi ofanana. Tidziwe kuti nyama zimenezi sizipumira kukamwa. Mpweya wonse umadutsa m'mphuno, choncho mphuno ikatupa bulu amavutika kupuma ndipo ngolo imagona pakhomo.

Zilonda zambiri zimayamba ndi chingwe. Chingwe chowonda cha nayiloni kapena waya zimadya khungu pang'onopang'ono, makamaka zikamangidwa pansi kwambiri pomwe mphuno ndi yofewa. Lamba wapamphuno akhale wotambalala, wokulungidwa ndi nsalu yofewa, ndipo zala ziwiri zizitha kulowa pakati pa lambayo ndi khungu. Bulu akaweruka kuntchito, m'masuleni.

Khungu likangochekeka ntchentche zimafika. Nyengo yotentha ndi yamvula ntchentchezi zimasiya pachilonda timphutsi ta nyongolotsi yotchedwa Habronema. Chilonda chotere chimayabwa, chimatukumuka nyama yofiira ndipo chimakana kupola ngakhale mutsuke bwanji. Apa pamafunika mankhwala a ivermectin, koma mlingo wake akuuzeni ndi alangizi a ziweto molingana ndi kulemera kwa bulu wanu.

Chilonda chatsopano chitsukeni kawiri patsiku ndi madzi owiritsa amene azizira: theka la lita, muikemo kasupuni kamodzi ka tiyi ka mchere. Mukatero pakani mafuta a Vaseline m'mbali mwake, ndipo muzichotsa ndowe m'khola kuti ntchentche zichepe. Oyilo wakutha wa galimoto, asidi wa mubatire, ndowe ndi dothi, zonsezi ayi. Asidi amawotcha nyama yamoyo, pomwe dothi ndi ndowe zimalowetsa kafumbata, matenda amene abulu ndi akavalo sachedwa kufa nawo.

Pali china chimene tikufuna aliyense achimve bwino. Mankhwala a dibi okhala ndi amitraz, monga Triatix, ndi abwino ku ng'ombe koma ndi poizoni kwa kavalo ndi bulu. Amaimitsa matumbo, nyama n'kumadzigwetsa pansi ndi ululu wa m'mimba. Werengani pabotolo musanapopere, kapena funsani wina akuwerengereni.

Si chotupa chilichonse chofuna mankhwala. Njerewere zing'onozing'ono zotuluka pamphuno ndi pamilomo pa nyama yosakwana zaka 3 zimayamba ndi kachilombo ka vairasi, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pakapita miyezi ingapo. Zisiyeni. Koma chotupa chachikulu chimene chikungokulabe, chokhakhala kapena chochucha magazi, musachidule ndi mpeni, chifukwa chimabwereranso chitakula kuposa kale. Ubweya ukasosoka mozungulira ngati kobiri, n'kutheka kuti ndi chipere. Chimenechi chimapatsirana kudzera m'zingwe ndipo chimagwira anthu, makamaka ana amene amayendetsa ngolo, choncho patulani nyamayo ndipo muzisamba m'manja ndi sopo. Kavalo wa mphuno yoyera amapsanso ndi dzuwa. Iyeyo amafuna mthunzi masana ndi mafuta okhala ndi zinc oxide.

Mukaona mafinya akutuluka m'mphuno, timibulu tondondozana pakhungu, kapena nyama yasiya kudya, musaipereke kwa mnzanu kuti akakokere ngolo. Itanani alangizi tsiku lomwelo.

Pomwepa ndi pamene pali pempho lathu ku Nthambi ya zaumoyo ndi chitukuko cha ziweto. Pamisonkhano ya ziweto timamva kwambiri za ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, koma bulu amene amanyamula feteleza, chimanga ngakhale odwala kupita nawo kuchipatala, satchulidwa kawirikawiri. Tikupempha kuti alangizi aziyenderanso makola a abulu, ndipo katemera wa kafumbata azipezeka pafupi ndi alimi. Makalabu amene ali ndi abulu apereke chiwerengero chawo kwa alembi tisanabalalike, kuti pempho lathu lipite ndi manambala.