Msinkhu wa Phiri la Dedza ndi Mtunda wa ku Dzuŵa

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke amadziŵa kuti ndowa sizilingana. Ina ndi yotakata, ina ndi yopindika m'mbali, ndipo wosachenjera amagulitsa thukuta lake motchipa. Koma kilogalamu ya ku Bembeke ndi yofanana ndi ya kwina kulikonse pa dziko lapansi. Phunziro la fizikisi limayambira pomwepa: nambala yopanda dzina la muyeso sinena kanthu.

Nsonga ya Phiri la Dedza ili pa mamita 2,198 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Poyeza ndi mafiti, msinkhu womwewo umapitirira 7,200. Phirilo silinakule ayi. Chasintha ndi muyeso. Kusokoneza miyeso kumadzetsa tsoka. M'chaka cha 1999 bungwe la NASA lidataya chombo chake cha mumlengalenga, Mars Climate Orbiter, chifukwa gulu lina lidaŵerengera mphamvu m'mapaundi pamene linzake linkayembekeza manyutoni.

Mita yomwe imayeza phiri imayezanso mtunda wa ku dzuŵa, umene uli pafupifupi mamita 150,000,000,000. Polemba, ziro mmodzi akaiŵalika, mtundawo wachepa kakhumi. Nchifukwa chake asayansi amalemba mwachidule kuti mamita 1.5 × 10¹¹, kutanthauza 1.5 kuchulukitsa ndi 10 maulendo 11. Mwa njira yomweyo, Phiri la Dedza ndi mamita 2.198 × 10³.

Tsono wophunzira akayerekeza kanambala kapamwambako, 11 ndi 3, amaona msanga kuti mtunda wa ku dzuŵa ukuposa msinkhu wa phirilo maulendo mamiliyoni ambiri. Chofunika nchakuti asanayerekeze, atsimikize kuti zonse ziŵiri zalembedwa m'mamita.