Ndalama ya thiransipoti imene boma siliwerenga

Lero tikambe za ndalama ya thiransipoti, ija imatuluka m'chikwama m'mawa uliwonse tisanayambe n'komwe ntchito.

Chitsanzo chathu tachitenga ku America. Kumeneko chipatala ndi cholipira, tsono boma lili ndi pulogalamu ya Medicaid yolipirira anthu opeza zochepa. Mwa ana 10 aliwonse obadwa m'dzikolo, pafupifupi 4 amabadwa Medicaid ikulipira. Ndiye mwaona kuti nkhaniyi ndi yathu azimayi.

Kuti munthu alowe mu Medicaid, amayang'ana ndalama zimene amalandira. M'zigawo zimene zinakulitsa pulogalamuyi kuyambira 2014, malire ndi 138 peresenti ya mlingo wa umphawi. Mu 2025, kwa munthu wokhala yekha, zimenezi zinali pafupifupi $1,800 pa mwezi.

Tsopano tayerekezani mayi wokonza m'zipinda za hotela. Amalandira $1,850. Pafupi ndi kuntchito nyumba n'zodula, ndiye amakhala kutali, basi ndi sitima zimamudyera $150 pa mwezi. M'manja mwake mumatsala $1,700. Koma boma limawerenga $1,850 ija, chifukwa lamulo la msonkho silichotsera ndalama yopitira ndi kubwerera kuntchito. Mapeto ake amuuza kuti wapitirira malire. Mnzake wolandira $1,750, woyenda wapansi, walowa. Amene watsala ndi zochepa ndi amene wakanidwa, eti!

Njira ilipo, koma ili m'manja mwa abwana. Kampani ikamadula ndalama ya basi kapena sitima pa malipiro msonkho usanawerengedwe, ndalamayo sioneka pa zimene Medicaid imayeza. Mu 2025 lamulo linalola mpaka $325 pa mwezi. Mayi uja akanawerengedwa $1,700, n'kulowa. Mzinda wa New York umakakamiza makampani okhala ndi antchito a tsiku lonse 20 kapena kuposerapo kupereka mwayi umenewu. Kumadera ambiri zili kwa abwana, ndipo wantchito wam'nyumba kawirikawiri sauona.

Kuno kwathu chipatala cha boma sichifunsa malipiro ako, inde. Koma tonse tikudziwa mayi amene anajomba kusikelo chifukwa ya minibasi kapena ya kabaza panalibe. Kusiyana n'kwakuti ku America vutoli lili m'malamulo, kuno lili pa siteji.

Choncho tikamva akuluakulu akukambirana za inshuwalansi ya zaumoyo, kapena za amene ayenera kulandira thandizo la boma, tisangoomba m'manja. Tifunse kuti: mukuyeza zimene mayi walandira, kapena zimene zamutsalira akatsika minibasi? Nafenso tizilemba ndalama ya thiransipoti ya mwezi wathunthu, kuti tikapita kukalankhula tikhale ndi manambala m'manja.